Kalembera wa Galimoto ya a Chikhadwe

Ndinalota a kalembera atabwera kwathu ku Luchenza dzuwa lili paliwombo. Anali mayi wamtali, atavala jasi la khaki lofika m'mapazi, choko atachipanira kukhutu. Sanaodire. Anangolowa n'kukhala pampando wa alendo, ine n'kugwada chapakhomo monga timachitira ndi anthu a boma.

"M'nyumba muno amoyo alimo angati?" anafunsa.

Ndinayamba kutchula: ine Etinesi, achimwene anga a Laitoni, ndi amayi athu a Nangozo amene anali chigonere kuchipinda ndi malungo. Ndisanamalize, mayi uja anakweza dzanja.

"Anthu tinawerenga kale, ndipo ndi ochuluka. Ulendo uno tikuwerenga magalimoto a mtundu uwo."

Analoza kumbuyo kwanga. Nditacheuka ndinaona galimoto ya malemu abambo ili pabalaza, pakati pa kabati ndi tebulo. Masiku onse imakhala panja pansi pa mtengo wa mapeyala, itakwezedwa pa njerwa, matayala ake ataphwa kalekale. Sindinadabwe kuipeza m'nyumba, chifukwa ngakhale ili panja ndiyo imatenga malo ambiri pakhomo pathu.

Abambo athu a Chikhadwe anali kalaliki ku esiteti ya tiyi ku Thyolo, ndipo mzungu wawo pobwerera kwawo anawasiyira galimoto imeneyi. Ndi yakuda, ya zitseko zinayi, yopangidwa ku Mangalande, yamphuno yaitali, yokhala ndi thabwa lonyezimira kuseri kwa chiwongolero. Amati mipando yake ndi yachikopa chofiira, koma palibe anaikhudzapo, chifukwa abambo anaikuta ndi pulasitiki tsiku loyamba lomwe ndipo sanaichotsenso. Lamulungu ankapita kutchalitchi ali okha m'galimotomo, chipewa chawo chitakhala pampando wa pambali ngati mkazi wawo, ife ndi amayi tikutsatira wapansi, tikumeza fumbi. Tsiku limene amayi anamva kupweteka kwa mimba yanga anapita kuchipatala pa njinga ya aneba, chifukwa abambo anati za uchembere zingawononge mipando. Ine ndimagulitsa usipa pamsika, fungo sindiliopa. Koma ndikayandikira galimoto imeneyo malovu amadzaza m'kamwa. Imandinyansa, ndipo aliyense pakhomo pathu amadziwa.

Abambo atamwalira, amisiri okhoma mbaula anabwera kudzaipempha kuti aidule. A Laitoni anawathamangitsa ndi chikwanje. Anamva kwa winawake kuti mtundu umenewu ukutha padziko, ndiye kuyambira pamenepo amaipukuta Loweruka lililonse, munthu woti sanapukutepo amayi ake kumaso. A kalembera akadali pampando, a Laitoniwo anatulukira atavala tayi, n'kuima pambali pa galimotoyo ngati akufuna kujambulidwa.

A kalembera anafotokoza modekha. "Zinapangidwa zambirimbiri. Zina zinadyedwa ndi dzimbiri, zina zinagwera m'mitsinje, zina zinasanduka makola a nkhuku. Zolembedwa kuti zili moyo zatsala zisanu ndi zinayi dziko lonse lapansi. Dziko lino ndi iyi yokha."

Pomwepo wailesi ya m'galimoto inayamba kulankhula yokha. Anali mawu achimuna, aja ozizira owerengera mauthenga a maliro.

"Tikulengeza mwachisoni imfa ya galimoto yobiriwira ya ku Mangalande, imene yatisiya m'mawa uno itadwala dzimbiri nthawi yaitali. Amene wamva uthengawu auze anzake. Zatsala zisanu ndi zitatu."

A Laitoni anaomba m'manja, mpaka kugwedeza chiuno pang'ono.

"Zife! Zife zonse!" anatero. "Ikatsala yathu yokha azungu adzabwera ndi makamera, dzina la Chikhadwe lidzamveka mpaka kutsidya kwa nyanja."

Munthu wamkulu, imvi zili mbuu, kuvinira uthenga wa maliro. Ndinayang'ana kumbali n'kulavula. Wailesi inapitiriza kulengeza: yoyera ya ku India yapsa m'garaja, yotuwa ya ku Kenya aidula amisiri, ina yamira ndi mwini wake yemwe, ndi zina zotero. Uthenga uliwonse a Laitoni ankaulandira ndi nthungululu ngati mayi wa pachinkhoswe. Pamene wailesi inakhala chete zinali zitatsala zitatu, yathu pamodzi.

A kalembera anaimirira, anapinda mkono wa jasi, n'kuika chikhatho pa boneti monga momwe timagwirira mwana pachipumi. Anadikira pang'ono.

"Yazizira," anatero. "Yozizira timailemba kwa akufa."

A Laitoni anagwada pansi, tayi ikukhudza simenti. Asanayambe kuchonderera, munthu anatsokomola m'galimoto. Abambo anali pampando woyendetsera, atavala suti imene tinawaika nayo m'manda. Thonje linali likadali m'mphuno ndi m'makutu, litasanduka lachikasu, ndipo dothi lofiira linkagwa m'manja a jekete akamasuntha. Anatsitsa galasi pang'ono chabe, monga ankachitira ali moyo kuti fumbi lisalowe. Fungo limene linatuluka pampata umenewo linali loipa kwambiri moti ndinatseka mphuno ndi chitenje pamaso pa bambo anga ondibala.

"Laitoni," anaitana, "m'nyumba muno muli chiyani chotentha?"

"Amayi ali ndi malungo, abambo. Thupi lawo likutentha ngati mbaula."

"Abweretse. Uwauze kuti lero akwera."

Panalibe chifukwa chowatengera. Chitseko cha kuchipinda chinatseguka, amayi n'kutulukira okha, munthu amene masiku onsewa ndinkamudyetsa phala ndi supuni atatsamira pachifuwa panga. Anali atavala chitenje chawo cha pansi pa sutikesi, duku atalimanga bwinobwino, kumaso atadzola mafuta. Nsapato anazinyamula m'manja kuti asadetse galimoto. Ankamwetulira mwamanyazi ngati namwali. Mtima wanga unawawa kuwaona choncho, ndipo mpaka lero umawawa.

Anapita ku chitseko cha pambali pa abambo n'kugwira chotsegulira. Abambo anatambasula dzanja n'kudina loko.

"Osati kuno, mayi a Laitoni. Kutsogolo."

A Laitoni anakweza boneti. Munalibe injini. Munali chisa cha nkhuku, mazira owola atasweka, ndowe za makoswe zitaunjikana m'makona, chikopa chofundula cha njoka, ndi mafuta akuda oundana amene ntchentche zinamatirirapo n'kuferapo. Mphemvu zinabalalika zitaona kuwala.

"Amayi, musalowe m'menemo," ndinatero, nditawagwira mkono.

"Iwe khala chete," anayankha. "Bambo ako andiitana."

Anakwera mothandizidwa ndi mwana wawo wamwamuna, n'kugona chopinda miyendo pamwamba pa nyansi zonsezo, nsapato ataziika pachifuwa. Anakonza chitenje kuti chiphimbe maondo, kenako anatseka maso. A Laitoni anatsitsa boneti mwaulemu, n'kusiya kampata koti mulowe dzanja.

Galimoto inayamba kupuma. Matayala anafufuma okha, nyali zinayaka, dzimbiri linagwa pansi ngati nkhanambo, ndipo utoto wakuda unawala mpaka ndinadziona nkhope. Inkalira ngati galimoto ina iliyonse, koma ine ndinazindikira kuti chinali chifuwa cha amayi, chija chimene ndimachimva kudutsa khoma. Abambo anagwira chiwongolero ndi manja awiri n'kuwongola msana.

A kalembera anayendetsa chikhatho kuchokera pa boneti kupita pa chitseko choyamba. "Kutentha kukubwera," anatero. "Kukafika pa nambala ya kumbuyo, ndilemba kuti ili moyo."

Ndinapisa dzanja pakampata kaja n'kugwira mapazi a amayi. Anali ozizira ngati mtsuko wa madzi. Ndinakweza dzanja kufika m'akakolo, kenako m'miyendo, ndipo kuzizira kunali kukukwera patsogolo pa dzanja langa. Ndinadziwa kuti galimotoyo ikatentha mpaka kumbuyo, amayi adzakhala atazizira mpaka kumutu. Ndinayesa kukweza boneti koma a Laitoni anali atakhalapo, miyendo ikulendewera, akuimba kamluzu.

Ndinapita kukagwada pamaso pa a kalembera.

"Pepani mayi, ndifunseko. Galimoto yotentha ingalembedwe bwanji kwa akufa?"

"Monga munthu," anayankha osandiyang'ana. "Ikaliridwa. Ife sitiyeza mtima. Timalemba amene anthu amulira."

Ndinathamangira kukhomo. Chitseko chathu chimatsegukira pabwalo, koma tsiku limenelo chinatsegukira pa tala penipeni, pamsewu waukulu wopita ku Mulanje. Ndinathyola nthambi za bulugamu n'kuziyala modutsa msewu kumtunda, kenako kumunsi, monga timachitira pakagwa zovuta kuti odutsa adziwe kuti pali maliro. Maminibasi anayamba kuyenda pang'onopang'ono n'kuzimitsa nyimbo. A kabaza anatsika pa njinga zawo n'kumazikankha. Amuna anavula zipewa. Posakhalitsa anthu anayamba kufika kuchokera mbali zonse, azimayi akulowa m'nyumba n'kukhala motsamira makoma miyendo atatambasula, azibambo akukhala panja pamabenchi amene sindikudziwa anachokera kuti. Adzukulu okumba manda anafika ndi makasu awo n'kuima pakona akudikira kuuzidwa kutalika kwa dzenje.

Koma masamba a pamsewu sanena amene wamwalira. Ine pothamanga paja sindinaganize zimenezo. Azimayi anayang'ana galimoto, anaiona ikuwala, ikupuma, yathanzi kuposa tonsefe. Kenako a Nasibeko, mnzawo wa amayi wa kutchalitchi amene timagundana naye mpanda, anasuzumira pakampata ka boneti. Anaona amayi atagona maso ali chitsekere, manja ali pachifuwa, atavala chitenje chawo chabwino. Anaika manja kumutu.

"Mayo ine! A Nangozo mwatisiya! Mnzanga ine!"

Nyumba yonse inalandira. Kulira kunatuluka panja, kunakafika pamabenchi, azibambo n'kuweramitsa mitu. A kalembera anachotsa choko kukhutu, anapita pa chitseko chathu, n'kuyamba kulemba dzina la amayi chilembo chimodzichimodzi, mosafulumira.

"Amayi ali moyo!" ndinakuwa. "Si amayi! Ndi galimoto!"

Ndani angamvere mwana wamkazi wa malemu akamakuwa kuti amayi ake ali moyo? Onse amakuwa choncho. Azimayi awiri anandigwira m'mapewa, wachitatu n'kundimanga nsalu pamimba zolimba kuti ndisakomoke.

"Limba mtima, mwanawe," anatero. "Ndi njira ya tonse."

Ndinayang'ana pachitseko, dzina linali litafika pakati. Ndinayang'ana pagalimoto, kutentha kunali kutadutsa chitseko chakumbuyo, utoto ukutuluka nthunzi. Ndinazindikira kuti pamaliro kufotokoza kulibe ntchito. Chimene chinatsala n'chakuti ndilire galimotoyo mokweza kuposa momwe iwo ankalirira amayi.

Ndinadzipulumutsa m'manja mwawo n'kudzigwetsa pansi kutsogolo kwa galimoto. Ndinakumbatira tayala. Linkanunkha mikodzo ya agalu onse a m'dera lathu, ndipo tsaya langa linamatirira pomwepo.

"Mayo ine, galimoto," ndinatero.

Mawu anatuluka ouma. A kalembera sanacheuke n'komwe.

"Limenelo ndi phokoso chabe," anatero akulembabe. "Wolira amatchula zimene malemu ankamuchitira."

Ndinafufuza m'mutu chabwino chimodzi chokha chimene chinthu chimenecho chinatichitirapo, ndipo sindinachipeze. Ndiye ndinanama. Ndinatsegula kukamwa n'kukuwa mabodza pamaso pa mudzi wonse.

"Mayo ine, galimoto yathu ine! Unkatinyamula iwe! Mvula ikagwa unkatibisa iwe! Lamulungu tinkafika kutchalitchi mapazi ali oyera chifukwa cha iwe! Amayi anga atamva kupweteka unathamanga nawo kuchipatala iwe! Unawakhazika pofewa iwe! Atinyamula ndani ife? Watisiyira yani?"

Mawu aliwonse ankanunkha m'kamwa ngati usipa wonyowa wa dzana, ndipo kawiri konse ndinameza masanzi kuti ndipitirize. Koma ndikutchula choncho ndinayamba kuziona zinthuzo. Ndinaona amayi ali mtsikana atakhala pampando wakutsogolo, mphepo ikuwaulutsa duku, akuseka. Ndinaona ine ndi a Laitoni tili ana, tikulimbirana zenera kumbuyo, mvula ikumenya denga ife tili ouma. Palibe chimodzi mwa zimenezo chinachitikapo. Misozi inabwera yeniyeni, yotentha, ndipo mawu anga anasweka n'kukwera pamwamba pa mawu a nyumba yonse.

Pamaliro anthu amatsatira amene akulira kwambiri. A Nasibeko ndiwo anayamba kusiya. Anandiyang'ana, anayang'ana galimoto, n'kupukuta mamina ndi nsonga ya chitenje.

"Kani ndi galimoto?" anafunsa mnzawo wa pambali. Sanadikire yankho. Anabweza manja kumutu. "Mayo ine, galimoto ya a Chikhadwe! Inali yaulemu! Sinkayankha munthu!"

Azimayi anatembenuka mmodzimmodzi n'kuyamba kulira moyang'ana galimoto. Wina anati inkapereka moni kwa aliyense. Wina anati inamunyamulirapo chimanga kupita kuchigayo osamufunsa kanthu. Panja azibambo ankagwedeza mitu kuti magalimoto akhalidwe ngati imeneyo sabadwanso. Amayi a kwaya anayambitsa nyimbo ya maliro. Abambo, kumva galimoto yawo ikutamandidwa chonchi, ankagwedeza mutu mokondwa kuseri kwa galasi, thonje likuvina m'mphuno. Moyo wawo wonse ankafuna kumva mudzi ukunena zimenezi, ndiye sanafunse kuti zikunenedwa pa mwambo wanji.

A Laitoni ndiwo anazindikira. Anadumpha pa boneti n'kuyamba kukankha azimayi.

"Sinafe! Mukulira chiyani? Imvani, ikulira bwinobwino iyi! Sinafe!"

Azibambo awiri analowa n'kuwagwira m'mapewa.

"Limbani mtima, achimwene," anatero. "Ndi njira ya tonse."

Anawatulutsa panja akupalapata. A kalembera anaima n'kumvetsera mbali iyi ndi mbali iyo, monga wogula amene akuyerekeza milu iwiri. Kenako anafufuta dzina la amayi ndi mkono wa jasi, n'kulemba nambala ya galimoto pamalo pomwepo. Anabweza choko kukhutu. Wailesi inatsokomola.

"Tikulengeza mwachisoni imfa ya galimoto yakuda ya ku Luchenza, imene yatisiya masana ano italiridwa ndi abale ndi anansi. Amene wamva uthengawu auze anzake. Zatsala ziwiri."

Nyali zinazima. Matayala anaphwa ndi mpweya wonunkha, limodzi likuphwera kumaso kwanga. M'kati pulasitiki ya pamipando inafufuma n'kuphulika, ndipo pansi pake panalibe chikopa chofiira chilichonse. Munali mphutsi zonenepa ndi madzi achikasu a thukuta la abambo la zaka zonse zija, amene anatuluka pansi pa zitseko n'kuyenderera pasimenti. Azimayi anakwinya zitenje zawo n'kuimirira, koma nyimbo sanaisiye. Abambo anayamba kumira pamodzi ndi mpando wawo, pang'onopang'ono, atagwirabe chiwongolero. Sanakuwe. Anangokweza galasi kuti litsekeke bwino. Adzukulu analowa ndi zingwe n'kuyamba kumanga galimotoyo kumbuyo, akukambirana kuti dzenje lake likufunika anthu a midzi iwiri.

Ndinakweza boneti. Amayi anali pomwe paja, zikamba za mazira zitamatirira pa duku, mafuta akuda ali patsaya. Ndinawanyamula, ndipo anali opepuka ngati mtolo wa zovala. Ndinakhala nawo pansi pakona pamene madzi aja sanafike, n'kuyamba kuwatikita mapazi. Kutentha kunabwerera pang'onopang'ono, kuyambira pachifuwa kutsikira m'miyendo, mpaka zala zinagwedera m'manja mwanga. Ndinaseka ndikulira. Ndinawapukuta kumaso ndi nsalu ija anandimanga pamimba.

Anatsegula maso. Anayang'ana denga, anayang'ana galimoto imene adzukulu anali kuikokera panja, kenako anayang'ana ine. Nkhope yawo inalibe chisangalalo ngakhale pang'ono.

"Wandichotseranji?" anafunsa.

"Amayi, mukanafa. Munali mutazizira mpaka m'chiuno."

"Ndimadziwa," anatero. "Koma bambo ako anali atangondifunsa kumene ngati ndakhala bwino. Sunadikire kuti ndiwayankhe."

Ndinadzidzimuka kutayera kale, pakhosi pakuwawa ngati ndakuwa tsiku lonse pamsika. Ndinathamangira kuchipinda kwa amayi osavala ndi nsapato zomwe. Anali gone chagada, maso ali otsegula, akupuma bwinobwino. Ndinapisa dzanja m'bulangete n'kuwagwira phazi. Linali lofunda, ndipo malungo anali atatsika.

"Mwadzuka bwanji, amayi?" ndinafunsa.

Anakoka phazi lawo kulichotsa m'dzanja langa, n'kutembenukira kukhoma.